Jombo za Malemu M'dimba la Kabichi

Oyamba kusowa anali makabichi atatu a mumzere wa pafupi ndi mpopi. ANakabichi anatuluka m'mamawa monga mwa masiku onse, keni yothirira ili m'manja, n'kupeza maenje atatu pamene dzulo lake panali mbewu. Wakuba kabichi timamudziwa tonse: amadula mutu ndi mpeni n'kusiya chitsa chikudontha madzi. Koma uyu anazula ndi mizu yomwe, anakokolola ngakhale dothi lozungulira, ndipo m'dzenje lililonse anawazamo ufa woyera mbee. Chodabwitsa china, mitu yaikulu yoti n'kugulitsa sanaikhudze. Anasankha tofooka tija tomwe masana tinkagwetsa masamba. Mayiwo anaima pamenepo nthawi yaitali, akudzifunsa kuti ndi mbava yanji yosiya zonona n'kutola zonyozeka.

Dzina loti aNakabichi anawapatsa ndi anthu a mumsewu umenewo, ndipo silinali lachipongwe. Iwo ndi amuna awo analima kabichi zaka makumi atatu, kutali, m'dimba la m'mphepete mwa mtsinje. Bambowo atamwalira, mwana wawo wamwamuna, dalaivala wa malole a maulendo aatali, anakawatenga kuti azikhala naye. Anafika ndi katundu wochepa: sutikesi, khasu, jombo zamphira za malemu zili ndi matope ake omwe, ndi ndowa yodzaza dothi lakuda la m'dimba lakale lija. Atangolowa m'chipinda chimene anawakonzera anagona n'kuyang'ana kukhoma, ndipo anakhala choncho miyezi isanu. Kudya kwake kunali kwa mbalame. Kuchipatala anawapima paliponse, osapeza kanthu.

Amene anawadzutsa ndi mpongozi wawo, mkazi wa dalaivala uja, mayi wosalankhulalankhula amene ankagwira ntchito kunazale yogulitsa mbande. Tsiku lina anabwera ndi thireyi ya mbande za kabichi, anaiika pawindo la apongozi ake, ndipo dala sanaithirire. Tsiku lachitatu nyumba yonse inamva mawu amene inali itawaiwala, akukalipa kuti pakhomo pano pali anthu kapena zitsa, mbewu kumafa anthu akuyang'ana. Sabata isanathe anali atagaula kuseri konse kwa nyumba. Dothi la m'ndowa lija analimwaza mumzere woyamba, kuti dimba latsopano lidziwe mwini wake. Jombo anaziika pansi pa benchi yapakhonde lakuseri, n'kulamula kuti asapezeke wozitsuka kapena kuzigwira. Ndipo ankanena poyera, osabisa, kuti tsiku limene kabichiyu adzathe, iwonso adzabwerera kukhoma kwawo. Anthu ankaseka akamva zimenezi, koma a m'nyumbamo ankadziwa kuti si nthabwala.

Chaka choyamba kabichi anachita bwino ndithu. Chaka chachiwiri ichi ndiye panali kena kake. Dzuwa likakwera, mbewu za mumzere woyamba zinkalefuka, masamba n'kugwa pansi ngakhale dothi lili lonyowa. Koma dzuwa likangolowa zinkadzuka zokha, tsamba ndi tsamba, ngati ana asukulu mphunzitsi akalowa m'kalasi. ANakabichi ankaziona ali pakhonde kukamachita chisisira, ndipo thupi linkawachita nyesinyesi.

Za maenje atatu aja anamuuza mwana wawo pafoni. Iye anali pamalire a dziko lina, akudikira mapepala, ndipo anangoti ndi ana a mumsewu amenewo, akadzabwera adzakweza mpanda. Mpongozi anayang'ana maenjewo, anagwira ufa woyerawo ndi chala, n'kunena motsitsa kuti mwina palibe choopsa. Kenako anathamangira basi.

Patapita masiku awiri, anasowa asanu. Ulendo uno panali zinanso. Ngalande imene inkatenga madzi kumpopi kudutsa mumzere woyamba inali itatsekedwa ndi njerwa, ndipo wina anakumba ngalande yatsopano yolambalala, yowongoka bwino, yotsetsereka pang'onopang'ono monga amakumbira munthu wodziwa madzi. M'dothi lofewalo munali mapazi a jombo zazikulu. ANakabichi anawerama, kenako anagwada. Phazi lamanzere lililonse linali ndi chidindo cha makona anayi pachidendene. Chigamba chimenecho ankachidziwa: amuna awo anachidula kuchubu cha njinga n'kuchimata okha, iwo atagwirizira nyali.

Anapita pakhonde. Jombo zinalipo pansi pa benchi, zitaikidwa bwinobwino mbali ndi mbali. Koma pamwamba pa matope akale ouma gwa panali matope atsopano, onyowa.

Sanauze munthu tsiku limenelo. Usiku anazimitsa magetsi, anakhala pakama atafunda bulangete, n'kumamvetsera. Nyumba usiku ili ndi mawu ake. Firiji inkang'ung'udza kukhitchini n'kumaleka. Mpopi wakunja unkadontha m'beseni, dontho limodzi, kaye phee, dontho lina. Malata a mpanda ankathetheka pozizira. Kutali galu anauwa kawiri n'kusintha maganizo. Mayiwo anadzuka kukayesa chitseko chakukhitchini, chokhacho chotulukira kudimba, n'kupeza chili chokhoma ndi loko wamkati. Anabwerera kukakhala. Tulo tinali titayamba kuwaba pamene anamva kaphokoso kena, kakang'ono, kochokera kuseri kwa windo.

Fwii. Kenako zii. Fwii.

Jombo yamanzere ija inkatulutsa mpweya pachigamba munthu akaponda. Zaka zonse zija ankaimva ikubwera kuchokera kumtsinje, n'kudziwa kuti nthawi yoika madzi osamba pamoto yakwana. Anatsegula katani pang'ono ndi chala chimodzi. Kunja kunali bii, mwezi kulibe, koma pakati pa mizere panali kakuwala kofiirira, kapansipansi, kosaunika patali. Pambali pake panali chinthu chachitali, chovala chijasi, chitawerama. Chinagwada pa kabichi mmodzi, chinamugwira patsinde ndi manja awiri mofatsa, monga amagwirira mwana poona ngati watentha thupi, n'kumusiya. Chinasunthira pa wina. Ameneyo chinamugwira nthawi yaitali, kenako khasu linalira kamodzi, motsitsa, ndipo mizu inathothoka m'dothi.

Kunena zoona, aNakabichi anachita mantha oti sanawamvepo chibadwire. Koma pansi pa manthawo panali chinthu china chimene anachita nacho manyazi: anakondwa. Anabweza katani, anagona chagada, misozi ikulowa m'makutu, akumvetsera jombo ija ikuyendayenda m'dimba mwawo mpaka tambala woyamba.

M'mawa mpongozi ankayasamula pophika tiyi, maso ali psuu. Apongozi ake anamuseka kuti tulo totere timakhala ndi nkhani yake, kapena m'nyumba muno mukubwera mlendo wosagogoda? Iye anangomwetulira n'kupukusa mutu. Ndiye mayiwo anamukoka dzanja, anayang'ana kuchitseko, n'kumunong'oneza.

"Apongozi ako aamuna akumabwera usiku. Ndawaona ndi maso angawa."

Supuni inagwa pansi. Mpongozi anatsegula pakamwa, anati, "Amayi, mwina..." koma atayang'ana nkhope ya mayiwo, yowala ngati ya mtsikana, mawu anamuthera. Anatola supuni ija n'kukaitsuka, ngakhale panali zina zoyera.

Kuyambira tsiku limenelo aNakabichi ankasiya kapu ya tiyi pabenchi madzulo alionse, shuga masupuni atatu, atavundikira ndi sosala. M'mawa ankaipeza ilibe kanthu, sosala ili pambali. Ankaitenga ndi manja awiri n'kukaitsuka okha.

Koma nkhani ilibe mpanda. Kuseri kwa malata kunkakhala mayi wina amene anthu ankamutcha Wailesi, chifukwa akayamba kulankhula panalibe pozimitsira. Iyeyu anali ataona kale kakuwala kaja kudzera pabowo la msomali, ndipo pofika Lachisanu msewu wonse unkadziwa. Ena ankati ufa woyerawo ndi wa mafupa. Ena ankati anamva kununkha kwa chinthu chowola kukudutsa mumsewu mbandakucha, kulowera kumene amataya zinyalala. Telala wapakona analumbira kuti agalu ake masiku amenewo ankakana kutuluka. Tsiku lina masana Wailesi anasuzumira pampanda, anayang'ana maenje oyera amene tsopano anali atadya mizere iwiri yathunthu, n'kutsitsa mawu. Anati iye sakufuna kuopseza munthu, koma wakufa sabwera kudzalima. Anati taganizani bwino, mayi: chikukusungani kunja kuno n'chiyani? Si kabichi yemweyu? Ndiye bambowo akuzula zikhomo zanu chimodzichimodzi, ndipo tsiku lodzazula womaliza adzagogoda pawindo.

Pakamwa pena m'pofunika loko. Koma mawu akalowa m'khutu satulukanso, ndipo aNakabichi anawapeza kuti akugwirizana ndi zimene mtima wawo unkanong'ona kale. Madzulo amenewo anawerenga makabichi otsala, anapezeka makumi awiri ndi mmodzi. Patapita masiku atatu anatsala khumi ndi asanu ndi awiri. Anayamba kupinda zovala zawo n'kumaziika musutikesi. Masikiyo awo abwino anapatsa mwana wa telala. Chakudya ankangochitosa n'kukankhira mbale kutali. Mpongozi akawafunsa ankati alibe njala, n'kumuyang'ana mwachifundo ngati munthu amene ali kale m'basi. Za Wailesi sanamuuze.

Usiku wa Lamlungu kunagwa kamvula kowaza. Mayiwo anasamba, anapesa tsitsi, anavala diresi yabuluu imene amuna awo ankaikonda, n'kukhala pakama nsapato zili kumapazi. Anaganiza kuti kudikira kuti munthu akuwerengere masiku ndi makabichi n'kozunza kuposa kupita wekha. Mpopi unkadontha. Mvula inkanong'ona padenga n'kumaleka. Nthawi inayenda mwaulesi, mpaka anamva fwii, kenako zii, kenako fwii.

Anatsegula loko wakukhitchini pang'onopang'ono. Kunja mphepo inali yozizira, yonunkha dothi lonyowa ndi kafungo kena kowola. Kapu ya tiyi inali pabenchi, yopanda kanthu kale. Anatsika masitepe awiri aja, anayenda pakati pa maenje oyera amene ankaoneka ngakhale mumdima, mpaka anaima mapazi asanu kumbuyo kwa chijasi chija. Chinali chitagwada, chikukumba mozungulira tsinde. Chinamva kuti kumbuyo kuli munthu, pakuti khasu linaima m'malere.

"Abambo," anatero aNakabichi. "Musavutike n'kuzula mmodzimmodzi m'mvula muno. Ngati mukufuna ine, ndabwera, ndavala kale."

Chijasicho sichinatembenuke.

"Koma mundiuze kaye ngati munakwiya. Tsiku limene munatisiya lija ndinapita kumsika chifukwa munati mwapezako bwino. Ndinu munati pita, kabichi afota. Ndikanadziwa, ndikanamusiya awole yense, ine n'kukhala pambali panu. Chaka ndi theka ndakhala ndikufuna kukuuzani zimenezi."

Mapewa a chijasi anayamba kugwedezeka. Panamveka kulira kotsekereza, kwa munthu woluma mlomo, ndipo sikunali kulira kwa mwamuna. Dzanja linachotsa kansalu kofiira kamene kanakulungidwa patochi, kuwala kunagwera pankhope yonyowa.

"Amayi, ndine."

Anali mpongozi, atavala jasi lamvula la mwamuna wake, miyendo yake yaing'ono itamira m'jombo za malemu. Pambali pake panali thumba lapulasitiki lomanga kukamwa ndi kachitini ka ufa woyera.

ANakabichi sanakuwe, sanagwe. Anangokhala pansi pamzere, diresi yabuluu m'matope. Mpongozi anakwawa n'kufika pafupi, anatenga kabichi amene anali atangomuzula, n'kuunika kumizu. Sinali mizu imene mayiwo ankaidziwa, yoyera, yopyapyala ngati ulusi. Inali yotupa, zibuma zokhazokha, ina yonenepa ngati zala za munthu wodwala, ina itayamba kuwola n'kumanunkha. Akulira, mtsikanayo anafotokoza zonse. Anati ndi matenda otupitsa mizu, amakhala m'dothi, ndipo mizu ikatupa choncho siikoka madzi, n'chifukwa chake mbewu inkalefuka masana n'kudzuka kukazizira. Mankhwala opopera palibe. Chimene munthu angachite n'kuzula yodwalayo ndi dothi lake, osaiponya pamanyowa, kuthira laimu, ufa woyera uja, kuti dothi lisawawase, ndi kuletsa madzi a pamalo odwala kuyenderera kwina. Iye ankatulukira khomo lakumaso n'kuzungulira nyumba, ndipo matumba ankakawataya kutali kusanache. Ankayesa kupulumutsa mizere yakumtunda, kuti apongozi ake akololeko kanthu asanadziwe.

Za jombo anati sanafune kunamiza munthu. Matendawa amayenda ndi dothi lomata kunsapato ndi kumakasu. Akanalowa m'dimbamo ndi nsapato zake, m'mawa n'kukaponda nazo kunazale, akanapha mbande za anthu mazanamazana. Jombo zokhazo ndizo sizinkatuluka pakhomopo. Pamene anazindikira chimene apongozi ake akuganiza, zinthu zinali zitapita kale patali, ndipo nkhope yawo inali itawala moti analephera kuizimitsa.

"Nanga tiyi?" anafunsa mayiwo, osamuyang'ana.

"Usiku woyamba ndinamusiya. Ndili pakona ya nyumba ndinaganiza kuti mukamupeza wosamwa mudzati akukanani. Ndinabwerera."

Mvula inayambanso kuwaza. Patapita nthawi aNakabichi anafunsa kuti matenda otere amachokera kuti, poti pamalopo sipanalimidwepo kabichi chiyambire. Mpongozi anazimitsa tochi. Mayiwo anayang'ana kumene kunali mzere woyamba, ndipo anakumbukira kuti chaka chomaliza amuna awo analeka kudzala kumunsi kwa dimba lakale, atafunsidwa n'kungoti dothi latopa. Ndowa ija anakaidzaza kumunsi komweko, chifukwa ndiko kunali dothi lakuda kwambiri. Anafunsa kuti zimatha zaka zingati. Mpongozi anati zisanu ndi ziwiri, mwina kuposa, ndipo nthawi yonseyo pasadzalidwe kabichi kapena mbewu za mtundu wake.

"Ndiye sanabwere," anatero mayiwo.

"Ayi, amayi."

"Ngakhale kamodzi."

"Ngakhale kamodzi."

Anadzuka okha, anakana dzanja limene anawapatsa, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko cha chipinda chawo. Mpongozi anavula jombo, anasamba m'manja pampopi, n'kukakhala pansi m'khonde lam'kati, msana atatsamira chitseko chimenecho. Anamva kama ikulira kamodzi, kenako zii. Ankadziwa mbali imene mayiwo atembenukira. Anadzitukwana mumtima kuti ndi iye yemwe anawadzutsa ndi mbande, ndi iyenso wawagonetsa, ndipo ulendo uno wawalanda ndi mwamuna yemwe. Kunayamba kuyera. Basi yake yoyamba inadutsa, yachiwiri inadutsanso, chitseko chili chitsekere. Kutopa kwa masabata atatu kunamugwira pomwepo, mutu unagwera pamaondo.

Chinamudzutsa ndi kulira kwa khasu, osati kobisa kuja, koma kwamphamvu, kwa masana. Anapezeka atagona chammbali pasimenti, atafunditsidwa bulangete, chitseko chili pululu. Anathamangira kukhitchini. Dzuwa linali litakwera, ndipo aNakabichi anali pakati pa dimba ndi zovala zawo zantchito, akuzula. Mitu yabwino anali ataidula n'kuiunjika pabenchi. Zitsa zonse, zodwala ndi zooneka zamoyo, ankazigwetsera pamulu umodzi. Maso awo anali otupa, koma khasu linkatsika molunjika. Wailesi anali pabowo lake, ndipo kwa nthawi yoyamba analibe mawu.

Mayiwo anamuona mpongozi ataima pakhomo, n'kumuuza kuti asangoti tuzu ngati mlendo, abweretse matumba, koma asaponde dothi. Iye anagwira thumba ali pasitepe. Atadzaza lachiwiri, apongozi ake anatsamira mpini n'kufunsa ngati pali mbewu imene dothi lodwala chonchi limailola. Anayankha kuti zilipo zambiri: nyemba, tomato, anyezi.

"Ubwere ndi mbande za anyezi," anatero. "Ndili ndi misozi yambiri yotsala, ndipo wa anyezi akamalira safunsidwa chifukwa."

Mpongozi anaseka, kuseka kwake n'kusanduka kulira, mpaka thumba linamupulumuka. ANakabichi anabwera, anapukuta dzanja pachovala, n'kumugwira kumutu monga amagwirira mwana wobereka yekha.

"Usiku wonse ndimayang'ana khoma lija," anatero motsitsa. "Ndimati ndigone basi. Koma ndimakumva ukupuma kuseri kwa chitseko, pasimenti pozizira. Wakufa sanandiitane. Wamoyo ndiye wakhala akudzuka usiku chifukwa cha ine. Kagone pakama, mwana wanga, zotsalazi ndimaliza ndekha."

Anatola khasu n'kubwerera pamzere.